Sindimwa, Ndimangolawa

Mu mpingo mwathu, kuno kunsi kwa mapiri a Dedza, tilipo anayi amene tinadzipereka kuyenda m'makomo ndi uthenga wa zaumoyo: amayi atatu ndi bambo mmodzi. Si ife anamwino kapena madokotala. Ndife alimi a mpunga ndi chimanga, ndipo mmodzi wa ife amasoka zovala pa Golomoti. Lamlungu lililonse masana timakwera njinga kapena kuyenda wapansi, n'kumacheza ndi mabanja za maneti a udzudzu, zimbudzi, madzi akumwa ndi kuthamanga kwa magazi. Pa nthawi ya kolera ya mu 2022 ndi 2023 tinayenda kwambiri, mpaka agalu a m'midzi ya pakati pa Mtakataka ndi Golomoti anasiya kutiuwa.

Nkhani imodzi yokha sitinkaikhudza, ya mowa ndi amayi oyembekezera. Tinkati imeneyo si yathu. Ife sitimwa, sitifulula, sitigulitsa. Tinalonjeza tsiku limene tinabatizidwa. Nanga tikauzenso ndani? Tinaiwala kuti pakhomo pa mbale kapena mlongo wathu pamakhala anthu ambiri, apongozi, adzukulu, ana a abale, ndipo si onse amene amanyamula Baibulo Sabata m'mawa.

Kuseri kwa nyumba

Linali tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tinafika pakhomo pa mayi ena achikulire, a mu Dorika kwa zaka zambiri. Anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango kumaso kwa nyumba, ndipo tinaona kuti sakufuna kuti tiyang'ane kuseri. Koma fungo silibisika. Kuseriko kunkafuka utsi, ndipo kamphepo kankabweretsa fungo la madeya osasa.

"Ndi mpongozi wanga," anatero mayiwo atawerama. "Ndinalankhula mpaka ndinatopa. Mwana wanga anapita ku Joni, ndipo chaka chino sanatumize kalikonse. Ndikamuletsa amandifunsa kuti, 'Amayi, nanga sopo ndi mchere zichokera kuti?'"

Tinapempha kuti tikamupatse moni. Tinamupeza atagwada pambali pa mbiya ili pamoto, paipi itadutsa m'madzi, kachasu akudontha m'botolo. Anali asanafike zaka 30, ndipo chitenje chimene anamanga m'mwamba sichinkabisa kuti ndi woyembekezera. Pakati panali pa miyezi isanu. Tili chiimire, anathira pang'ono m'kachitsekerero ka botolo, n'kuponya kukamwa, n'kukwinya nkhope.

Mmodzi wa ife anafunsa kuti, "Achemwali, kodi mumamwa muli chonchi?"

Anaseka. "Ayi amayi, ine sindimwa. Ndimangolawa."

Sankanama. Kwa iye, womwa mowa ndi uja amakhala pansi, kugula botolo, n'kubwerera kwawo akuimba njira yonse. Iye anali asanaledzerepo. Koma wotcheza kachasu amalawa mutu ukangoyamba kudontha. Amalawanso kuti adziwe ngati mphamvu yayamba kuchepa. Amalawa posakaniza. Ndipo mwambo wa kwathu kuno ndi wakuti mwini mowa ayambe walawa pamaso pa wogula, kusonyeza kuti sanathiremo choipa.

Tsiku limenelo tinalakwitsa, ndipo tikuvomera. Tinamutsegulira mavesi onena za oledzera. Tinamuuza kuti akuchititsa manyazi apongozi ake. Za mwana amene anali m'mimba sitinanene chilichonse chomveka, chifukwa nafenso sitinkadziwa bwino. Iye anangoti, "Ndamva," n'kusonkhezera moto. Lamlungu lotsatira atationa tikubwera patali, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Zimene tinakaphunzira

Safunsa anadya phula. Tinapita kwa mayi ena amene anagwira ntchito ya uzamba kwa zaka zambiri, ndipo tsopano akupuma kufupi ndi Mua. Tinawapempha kuti atiphunzitse ngati ana a sukulu. Anatifotokozera, natibwereka zowerenga, ndipo zimene tinamva zinatisowetsa tulo.

Mwana wa m'mimba amadya kudzera mu nsengwa ndi mchombo. Nsengwa imatchinga zoipa zina, koma mowa siutchinga; umadutsa mosavuta. Mayi akamwa, pakangotha ola limodzi kapena awiri, mowa umene uli m'magazi a mwana umakhala utafanana ndi umene uli m'magazi a mayi. Kusiyana kwake n'kwakuti mayi ali ndi chiwindi chokhwima chimene chimaphwanya mowawo, pamene cha mwana n'chanthete. Mowa umalowanso m'madzi amene mwanayo akukhalamo. Madziwo amawameza, kuwakodza, n'kuwamezanso. Choncho mowa umakhalitsa mwa mwana kuposa mmene mayi angaganizire.

M'mera mpoyamba. Mtima wa mwana umayamba kugunda patangotha pafupifupi masabata atatu mayi ataima. M'masabata omwewo ubongo, msana ndi nkhope zimayamba kuumbika, nthawi imene amayi ambiri amangoganiza kuti mwezi wachedwa. Ubongo wokha sumaliza msanga. Umakulabe mpaka tsiku lobadwa, n'kupitirira. N'chifukwa chake palibe mwezi umene tinganene kuti uno ndiye mowa sungavulaze.

Mowa ungachititse mayi kupita padera, kubereka masiku asanakwane, kapena kubereka mwana wakufa. Mwana angabadwe wochepa thupi, wa mutu waung'ono, wa vuto la mtima, la maso kapena la makutu. Ana ena amaoneka ndi nkhope: maso aang'ono, mlomo wam'mwamba wopyapyala, ndipo kangalande kaja ka pakati pa mphuno ndi mlomo kamakhala kosalala. Koma ana ambiri amene mowa unawavulaza saoneka ndi nkhope. Bala lawo lili mkati. Amaiwala msanga zimene auzidwa. Sakhazikika. Masamu, ndalama ndi nthawi zimawasokoneza. Amalakwitsa chinthu chomwecho lero ndi mawa, ngakhale anakwapulidwa dzulo. Akakula amanyengeka mosavuta ndi anzawo oipa. Palibe jakisoni kapena mankhwala amene amabwezeretsa ubongo umene unawonongeka m'mimba.

Zimenezi si nkhambakamwa. Mu 1968 dokotala wa ana wa ku Nantes m'dziko la France, Paul Lemoine, analemba za ana 127 obadwa kwa makolo omwa mowa kwambiri, ataona kuti mavuto awo ndi ofanana. Anthu sanalabadire kwenikweni. Mu 1973 madokotala awiri a ku Seattle ku America, Kenneth Jones ndi David Smith, anaona zomwezo, ndipo vutoli analipatsa dzina la m'Chingerezi lakuti fetal alcohol syndrome. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2017 anapeza kuti padziko lonse amayi pafupifupi 10 mwa 100 alionse amamwa mowa ali oyembekezera, ndipo ana pafupifupi 119,000 amabadwa ndi vuto lalikululi chaka chilichonse. Pamenepo sanawerenge aja ovulala mosaonekera, amene ndi ochuluka kuposa apa.

Dziko limene vutoli ndi lalikulu kwambiri ndi lomwe ana athu amathamangirako kukafuna ganyu. Ku South Africa, akatswiri anawerengera kuti ana 111 mwa 1,000 alionse ali ndi mavuto obwera ndi mowa umene amayi awo anamwa. Kuminda ya mphesa ya ku Western Cape, kwa mibadwo yambiri antchito ankalandira vinyo ngati gawo la malipiro awo. Mchitidwewo unaletsedwa, koma chizolowezi chinatsala, ndipo ana akulipirabe. N'chifukwa chake kuyambira mu 1999 anthu m'mayiko ambiri amakumbukira vutoli pa 9 Seputembala, tsiku la 9 la mwezi wa 9, pokumbutsana za miyezi 9 imene mwana amakhala m'mimba.

Tinafunsa azamba aja funso limene tinkadziwa kuti kumudzi tikafunsidwa: "Nanga agogo athu amene ankamwa masese ali ndi pakati, ana n'kukula bwinobwino?" Anatiyankha kuti kuvulala kwa mwana kumadalira kuchuluka kwa mowa, kumwa kangati, mwezi wake, thupi la mayiyo ndi chakudya chimene akudya. Choopsa kwambiri ndi kumwa wambiri nthawi imodzi, ndipo mayi wosadya mokwanira ndiye ali pangozi yaikulu. Kenako anati, "Alipo amene anawoloka Nadzipokwe atadzaza n'kufika tsidya. Kodi mungauze mwana wanu kuti awoloke chifukwa cha iwowo?" Achipatala sanapeze mlingo wa mowa umene anganene kuti uwu ndi wosavulaza mwana wa m'mimba. Kaya ndi kachasu, masese, uchema, chibuku, vinyo kapena mowa wa m'botolo, chimene chimaledzeretsa ndi chimodzi.

Miyala 12

Tinabwerera awiri okha, amayi okhaokha, tsiku limene sankatcheza. Tinakhala pansi pakhonde n'kunena kuti, "Achemwali, tsiku lija tinakulankhulani molakwika. Mutikhululukire. Lero sitinabwerere za mpingo, tabwerera mwana wathu ali m'mimbayu."

Tinamupempha kuti akumbukire tsiku lomaliza limene anatcheza, ndipo pa kulawa kulikonse aike kamwala pansi. Anayamba akuseka. Mutu wa mbiya yoyamba, kamwala. Pakati, kamwala. Posakaniza, kamwala. Mbiya yachiwiri. Ogula a madzulo. Miyala inakwana 12. Tinatenga kachitsekerero komwe kaja n'kuthira madzi ka 12 m'kapu ya tiyi. Anapitirira kota ya kapu. Ameneyo ndi kachasu wosasungunula, m'mimba mopanda nsima, katatu pa sabata.

Anayang'ana kapuyo nthawi yaitali. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye kuti mwana wanga ndamuwononga kale?"

Tinamuuza zimene tinaphunzira: kuti za dzulo sizingabwezedwe, koma ubongo wa mwanayo ukukulabe, ndipo tsiku lililonse lopanda mowa ndi phindu kwa iye. Kusiya pa miyezi isanu n'kwabwino kuposa kusiya pa miyezi isanu ndi itatu. Tinamulimbikitsa kuti akawauze anamwino a kusikelo zoona zake, osabisa.

Pamenepo analoza mnyamata wa zaka 9 amene ankakusa mbuzi kuseri kwa khola. "Nanga uyu?" Anali mwana wake woyamba. Ntchito yotcheza anaiphunzira kwa amayi ake omubereka, ndipo ali ndi pakati pa mnyamatayo ankawathandiza. Mwanayo anali akubwereza Sitandade 2 kachitatu. Akamutuma mchere ndi machesi ankabwera ndi chimodzi, kapena osabwera n'komwe. Agogo ake ankati ndi wosamva. Anthu oyandikana nawo ankati anamulodza. Kumiyendo kwake kunali zipsera za chikwapu.

Sitinanene kuti ndi mowa, ndipo tikupempha owerenga kuti asayende m'mudzi n'kumayang'ana milomo ya ana a anzawo. Mwana angavutike kuphunzira chifukwa cha malungo a mu ubongo, kubadwa movutikira, njala ya ali wakhanda, kapena kusamva bwino m'makutu. Oyenera kumupima ndi achipatala. Koma tinawauza amayi ake ndi agogo ake kuti kaya chinayambitsa n'chiyani, chikwapu sichingaike m'mutu zimene mutuwo ukulephera kusunga. Mwana wotere mumutume chinthu chimodzi, akabwera mumutumenso china. Mumuonetse ndi manja, osangonena. Zochita za tsiku zikhale zofanana lero ndi mawa. Mukawapemphe aphunzitsi kuti azikhala kutsogolo. Akachita bwino mumuyamikire pomwepo. Mnyamata ameneyu amadziwa mbuzi iliyonse ya pakhomopo, ndipo tcheni cha njinga chikaduka amachilumikiza yekha. Nzeru zake zilipo; zimangofuna khomo lina lolowera.

Funso lomaliza ndi limene linali lovuta: "Ndikasiya, tidya chiyani?" Apa mavesi paokha sakanakwanira. Tinakaitula nkhaniyi kwa amayi a Dorika, osatchula dzina, ngakhale kuti ambiri anaizindikira. Anasonkherana n'kumugulira thumba limodzi la mpunga wa ku Bwanje, kuti azigulitsa m'mbale pamsika wa Golomoti n'kubweza pang'onopang'ono. Sanasiye tsiku lomwelo. Anayamba wasiya kulawa, ogula ena n'kuthawa. Kutcheza anasiyiratu pakati patafika miyezi isanu ndi iwiri. Tisanamizane, phindu la mpunga ndi lochepa poyerekeza ndi la kachasu, ndipo pali miyezi ina imene banjali limavutika. Koma apongozi ake, amene kale ankangomukalipira, ndi amene anayamba kumuperekeza kusikelo.

Manowa anafunsa

Nkhaniyi ili m'Baibulo lathu kuyambira kale, koma tinkaiwerenga mothamangira ku mphamvu za Samisoni. Pa Oweruza 13, mngelo anauza mkazi wa Manowa kuti adzakhala ndi mwana wamwamuna, ndipo anamulangiza kuti asamwe vinyo kapena chakumwa choledzeretsa. Langizolo linafika mwanayo asanakhale n'komwe m'mimba. Chimene chinatikhudza titawerenganso ndi zimene mwamuna wake anachita. Manowa sananene kuti izi ndi za azimayi. Anapemphera kuti mthengayo abwerenso adzawaphunzitse onse awiri, ndipo atabwera, langizo lija linabwerezedwa kwa iye. Mayi Ellen White anagwiritsa ntchito nkhani yomweyi polangiza amayi oyembekezera m'buku lawo la The Ministry of Healing, limene linatuluka mu 1905, zaka 63 dokotala wa ku Nantes uja asanalembe zake. Kuwala tinali nako. Chimene tinalibe ndi mawu achifundo okutengera kuseri kwa nyumba.

Zoti tiyang'ane pakhomo pathu

Choyamba ndi thobwa. Thobwa la lero ndi chakudya chabwino. Koma kuno kumatentha, ndipo likagona masiku angapo n'kuyamba kuchita thovu ndi kuluma pa lilime, limakhala litayamba kusanduka mowa. Pa maukwati ndi pa maliro lotsala limazungulira m'makomo mwathu kwa masiku. Woyembekezera tisamupatse thobwa logona. Madzi a malambe kapena a bwemba, opangidwa ndi madzi owiritsa, amapha ludzu bwino lomwe.

Chachiwiri ndi zikhulupiriro zimene timamva pachitsime: kuti mowa wakuda wa m'botolo umawonjezera magazi, kuti masese amachulukitsa mkaka, kuti mayi akalakalaka mowa ndiye kuti ndi mwana akufuna, ndipo kumumana n'kulakwa. Mowa suwonjezera magazi. Amene amawonjezera ndi mapilitsi a kusikelo, pamodzi ndi nyemba, nandolo, bonongwe, chisoso ndi usipa. Mowa suchulukitsanso mkaka. Umalowa mu mkakawo n'kufika kwa khanda. Tichenjerenso ndi mankhwala azitsamba amene amaviikidwa mu kachasu. Woyembekezera asamwe mankhwala alionse amene achipatala sakuwadziwa.

Chachitatu ndi ana athu aakazi. Akapita kusukulu kapena kuntchito ku Lilongwe ndi ku Blantyre amakumana ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo okongola, zosanunkha ngati kachasu koma zoledzeretsa. Tikangowauza kuti mowa ndi tchimo, amaphunzira kubisa. Tiwauzenso chimene mowa umachita kwa mwana, ndiponso kuti umavulaza mayi asanadziwe kuti waima. Ndipo mwana wathu akatenga pakati posayembekezera, tisamuopseze mpaka abise mimba miyezi isanu ndi umodzi. Za mwambo wa mpingo zili ndi nthawi yake, koma sikelo siidikira. Ayambe m'miyezi itatu yoyambirira, kaya ku Mua, ku Mtakataka kapena ku Golomoti. Kuyambira mu 2016 bungwe la WHO limalangiza kuti mayi aonane ndi achipatala kosachepera ka 8 asanachire.

Chachinayi, mayi amene anazolowera kumwa tsiku ndi tsiku, amene m'mawa manja amanjenjemera akapanda kumwa, asasiye yekha mwadzidzidzi kunyumba. Thupi lake likhoza kukomoka, zimene n'zoopsa kwa iye ndi kwa mwana. Timuperekeze kuchipatala akamuthandize kusiya, ife n'kumamuyendera ndi kumupempherera.

Chomaliza ndi cha abambo. Mayi amavutika kusiya ngati botolo limalowa m'nyumba madzulo aliwonse. Amavutikanso kusiya kutcheza ngati pakhomo palibe amene akubweretsa mchere. Abale a mu mpingo, muwafikire anzanu kudambo ndi kunyanja, ndipo amene muli ndi ana ku Joni muwaimbire foni. Mwana wa m'mimba ali ndi makolo awiri.

Mbiya yovundikira

Mwana uja anabadwa mu Febuluwale, mvula ikugwa, kuchipatala. Ndi wamkazi. Anabadwa wochepa thupi pang'ono, koma anayamwa bwino, ndipo pano akuyenda n'kumathamangitsa anapiye. Amayi ake amamuyang'ana pakamwa ndi m'maso kawirikawiri, ndipo timadziwa chimene akufufuza. Yankho lenileni lidzaoneka akadzayamba sukulu. Timamupempherera pomutchula dzina. Mchimwene wake anakhoza kupita mu Sitandade 3, ndipo chikwapu chija agogo ake anachiponya pamoto.

Mayi wa anawa sanalowe mpingo wathu, ndipo sitinamugule ndi thumba la mpunga. Koma akationa patali satsekanso chitseko. Mwezi watha ndi iye amene anatilondolera kwa mtsikana wina wa kumudzi wa kunyanja, amene amagulitsa uchema ali ndi pakati pa miyezi itatu. Anatiuza kuti, "Mukapite ndi miyala, musakayambe ndi kukalipa." Mbiya ija ili kuseri kwa nyumba, itagonekedwa chammbali, ndipo nkhuku imaikiramo mazira.

Masiku ano tikafika pakhomo, titatha kufunsa za neti ndi za chimbudzi, timafunsanso kuti, "Kodi pano alipo woyembekezera?" Akati alipo, sitifunsa ngati amamwa, chifukwa yankho lake timalidziwa kale. Timafunsa kuti, "Kodi amalawa?" Inunso, abale ndi alongo, Sabata likubwerali musanapite kukayendera akutali, yambani mwazungulira kuseri kwa nyumba yanu.